Mbale Yachiwiri ya a Faleafa

Lachiwiri, 8 Ogasiti

Ndili moyo. Ndiyambe ndi pamenepa, chifukwa Dokotala Pham akuti ndikanachedwa pang'ono, bwenzi pano abale akusonkha mikeka ya maliro.

Apendikisi, kathumbo kopanda ntchito kaja, kanaphulika Lamulungu. Opaleshoni anachita dzulo m'mawa. Mabala atatu ang'onoang'ono pamimba, kapaipi kotulutsa mafinya kumanja, diripi kumanzere. Mankhwala opha tizilombo akulowera m'diripimo katatu patsiku. Kutentha kwa thupi 38.9. Chakudya ayi, madzi ayi, timiyala ta ayezi toyamwa basi. Ine Fuatino, woona za kadyedwe ka okalamba makumi asanu ndi limodzi, ndikuyamwa ayezi.

Kope ili andigulira amayi kuti ndisiye foni.

Mimba inayamba kupota Lachisanu. Ndinamwa mapiritsi n'kupita kuntchito, chifukwa mwezi uno oyendera a boma atulukira kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira, kuno mumzinda wa Logan, ndipo tsiku sanena. Anzanga onse amawaopa. Ine ndimawadikira ngati Khrisimasi, kuti abwere aone zomwe ndakhala ndikunena chiyambireni ntchito mu Febuluwale. Tsopano abwera ine ndili chagada.

Lachitatu, 9 Ogasiti

38.4. Andiyendetsa mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera, ndikukoka mtengo wa diripi ngati galu wokana kuyenda.

Bedi loyandikana nalo kuli a Glenys, mzungu wachikulire, ankayendetsa basi. Anawachotsa ndulu. Amamva chilichonse ndipo sabisa kuti akumva.

Masana anabwera azakhali a Tolotea, achemwali a bambo anga, omwenso ndi osamalira okalamba kuntchito kwathu. Sanabweretse maluwa. Anakhala pampando n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Wafuna kufa kuti usamve zomwe waputa?"

"Azakhali, ndikudwala."

"Ukudwala uli ndi diripi. A Faleafa alibe diripi. Dzulo tiyi yekha. Lero tiyi ndi kachidutswa ka buledi."

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu ungapepuke. A Faleafa ali ndi zaka 84. Kwathu ku Samoa anali tulafale, wolankhulira mafumu ndi wogawa chakudya pamisonkhano. Anafa ziwalo mbali yakumanzere, amayenda pa njinga ya olumala. Chibwerereni, amadya monga akulu amadyera kwathu: amadya theka, n'kukankhira mbale kwa yemwe wawatumikira, n'kuitanitsa beseni losamba m'manja. Azakhali ndi anzawo ankalandira mbaleyo n'kukadyera kuseri. Ophika ankadziwa, ankawapakulira modzaza. Palibe ankalemba, palibe ankanena.

Ndinanena ndine. Masabata atatu apitawo, pamsonkhano wa antchito, ndinaimirira n'kuti mwambo umenewu ulembedwe m'ndondomeko ya chisamaliro chawo, usakhale ngati wakuba. Ndinali nditalemba masamba atatu. Ndimayesa andiombera m'manja.

Abwana athu, Mayi Kerrigan, nkhope inayera ngati pepala. "Antchito akudya chakudya cha okalamba? M'mbale yomwe munthu wadyeramo? Mwezi wa oyendera uno?" Tsiku lomwelo lamulo linatuluka: chotsala chilichonse chikatayidwe, ndipo ophika azipakula za muyezo.

A Faleafa anaona azakhali akukhuthulira mbale yawo m'bini. Anayamba kudya pang'ono, kenako pang'ono zedi.

"Atsika makilo atatu," anatero azakhali. "Dokotala wathu akuti ikafika sabata yamawa zili chonchi, awatumiza kuchipatala akawaike kapaipi m'mphuno. Munthu amene pakamwa pake panali ntchito yake yonse! Zaka zonsezi timadya mwakachetechete, iwo akunenepa. Wabwera iwe ndi digiri yako, pakamwa ngati wailesi ya m'basi."

A Glenys kuseri kwa katani: "Wailesi ya m'basi mwanga inali yabwino, mayi."

Azakhali sanaseke. Potuluka anandikonzera pilo, mwaukali.

Lachinayi, 10 Ogasiti

39.4. Kunjenjemera. Anandijambula pamimba, akuti mafinya atsalira pang'ono koma kapaipi kakukoka. Asintha mankhwala. Atenga magazi kawiri.

Sindikutha kulemba. A Faleafa tiyi yekha.

Lachisanu, 11 Ogasiti

37.8. Ndadzuka thukuta lili thoo, koma mutu uli mbee. Dokotala Pham akuti mankhwala atsopanowa agwira, opaleshoni yachiwiri siyofunika. Ndinalira pang'ono iye atachoka.

Nkhani yaikulu m'wodi muno ndi yoti ndiphwise. Namwino aliyense akalowa amafunsa, ngati akufunsa zotsatira za mayeso. Matumbo akapanda kulankhula, chakudya kulibe. Cha m'ma 10 analankhula. A Glenys anaomba m'manja n'kuliza belu la namwino. "Bwerani! Mwana wathu wakhoza!" Pa digiri yanga sanandisangalalire chonchi.

Andilola madzi, pang'onopang'ono.

Mphamvu zitangobwerera ndinatenga foni n'kulembera Mayi Kerrigan uthenga wautali: ufulu wa okalamba, zomwe malamulo amanena pa zakudya za chikhalidwe cha munthu, makilo atatu aja. Yankho linabwera lalifupi. "Tikambirana oyendera akapita. Puma, Fuatino."

Oyendera akapita! Ngati njala imadziwa kalendala.

Ndinafunsa namwino ngati munthu angathe kusaina n'kutuluka yekha. Anayang'ana kapaipi kanga, n'kuyang'ana ine. "Ungathe. Thumba la mafinyali ukaliika m'chikwama kapena ukalinyamula m'manja?"

Madzulo ndinawafotokozera a Glenys nkhani yonse, poti theka anali atamva kale. Anamvetsera akusenda lalanje lomwe sakuloledwa kudya.

"Ndiye abwana akuti chakuti, azakhali ako akuti chakuti, iwe masamba atatu. Nanga mwini mbaleyo akuti chiyani?"

"Mwini mbale?"

"Mdalayo. Mutamufunsa anati chiyani?"

Ndinayesa kuwafotokozera kuti sizitheka. Mtsikana ngati ine sangaime pamaso pa tulafale n'kumufunsa za m'mbale mwake. Ngakhale azakhali sangayerekeze. Munthu wamkulu umamuwerenga pankhope, n'kuchita. Kumufunsa n'kumuuza kuti sunaleredwe.

"Ooo," anatero a Glenys. "Ndiye mwamulemekeza mpaka watsika makilo atatu."

Ndinatembenukira kukhoma. Bala linapweteka potembenuka. Bwino lomwe.

Loweruka, 12 Ogasiti

37.3. Mafinya achepa m'thumba. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde kawiri.

Amayi atabwera m'mawa ndinawauza kuti ndikufuna kulankhula ndi a Faleafa. Anagwira pachifuwa.

"Iwe, anakuchotsa kathumbo kapena nzeru?"

"Amayi, akawaika kapaipi m'mphuno."

Anakoka mpando. "Ukayamba ndi kupepesa kuti ukulankhula utagona. Utchule dzina lawo laulemu ndi mudzi wawo, usadumphe. Usafunse kuti bwanji simukudya, ameneyo ndi funso la wapolisi. Unene kuti walakwa ndiwe, ukupempha akuwongolere." Anandibwerezetsa mpaka ndinaloweza. Anandimanganso tsitsi n'kundifunditsa nsalu pamapewa, ati sindingaonekere kwa mfumu nditavala mkanjo wachipatala wong'ambika kumbuyo.

Azakhali anali pantchito, ndiye ndinawaimbira kuti andilumikize ndi a Faleafa. Anakana, anakananso, kenako analowa m'chipinda cha a Faleafa n'kuimika foni pa kapu.

Aonda. Khosi la malaya likuchita kulendewera.

Ndinanena zonse zomwe amayi anandiphunzitsa. Anandisiya ndimalize.

"Ndiwe mwana wa ku khitchini uja, woyenda ngati akukuthamangitsa?"

"Ndine, bambo."

"Akuti anakuboola."

"Malo atatu, bambo."

"Mwina mphepo ichepako." Azakhali anaseka kuseri kwa foni, ine ndinamva. "Nena, mwana wanga."

Ndinati, "Bambo, tinasintha kadyedwe kanu osakufunsani. Ndikupempha mutiuze inuyo mmene mukufunira."

Anatenga kansalu n'kupukuta kukamwa, mbali yakufa ija, kumene malovu amatsika osawauza.

"Sindinu olakwa," anatero. "Ndimadziona pagalasi. Pakamwa pangapa sipatsekeka. Ndani angadye m'mbale ya munthu wodontha? A Tolotea apirira zaka zambiri. Atatopa, ndinati ndichepetse kudetsa mbale."

Kumbuyo kwa foni kunamveka kulira. Azakhali, omwe sanalire ngakhale pamaliro a amuna awo. "Ayi, bambo! Ayi! Si zimenezo!"

Masabata atatu munthu akuganiza kuti timanyansidwa naye. Ife tonse, pofuna kumusungira ulemu, tinamubisira chifukwa chenicheni. Tinkaona ngati kutchula za lamulo ndi oyendera pamaso pake n'kumuchepetsa.

Ndinawauza zoona zake. Kuti pakamwa panga ndi pomwe panayambitsa. Kuti abwana akuopa oyendera anganene kuti antchito akulanda chakudya cha okalamba, komanso kuti kudyerana m'mbale kumapatsirana matenda, kwa aliyense, kaya wodontha kaya wosadontha.

Anandiyang'ana ndi diso lawo labwino lija.

"Ndiye nkhani yonseyi ndi ya supuni?"

"Ndi ya mbalenso, bambo."

"Mwana iwe. Ine ndagawa nkhumba za midzi itatu munthu asanalume n'kamodzi komwe. Kugawa chakudya chisanadyedwe ndiyo inali ntchito yanga. Bweretsani mbale ziwiri ndi supuni yoyera. Ndigawa ndekha, ndiye ndidye. Zimenezi mpaka sukulu ya ukachenjede?"

Masamba anga atatu analibe mbale yachiwiri. Ndinali nditalemba zoti awonjezere chakudya, ndi ndime ziwiri za mbiri ya mwambo wathu.

Amayi anandichotsa nsalu pamapewa. "Mudzi wawo unautchula molakwika," anatero. "Koma bola."

Lamulungu, 13 Ogasiti

Thupi silinatenthe. Msuzi wopyapyala ndi jele wofiira. Sindinadziwe kuti madzi a nkhuku angakome chonchi.

A mpingo anabwera atatuluka m'tchalitchi, ndi talo, mbatata yathu ya ku Samoa ija, nsomba yophika mu mkaka wa kokonati, nyama ya m'chitini, ngati akubwera kudzadyetsa timu ya mpira. Anaimba nyimbo ziwiri. Ine ndinangonunkhiza. A Glenys anawalola kudya dzulo, ndiye anandithandiza ndi mtima wonse.

Ndinaimbira Mayi Kerrigan. Anayankha, mwina poganiza kuti ndikufa. Ndinafotokoza za mbale ziwiri.

"Ndi nzeru yabwino," anatero. "Tiyamba oyendera akapita."

"Abwana, dokotala akubwera Lachitatu kudzawayeza."

"Fuatino, mbale ziwiri kaya khumi, woyendera akaona wantchito akutafuna m'chipinda chodyera sadzafunsa mbiri ya Samoa. Ndili ndi anthu makumi asanu ndi limodzi oti ndiwasungire denga."

Ndinaponya foni pabedi. Inadumpha n'kugwera pa bala.

Azakhali sali pantchito lero. A Faleafa anaitanitsa mbale yachiwiri, wosamalira wa lero anati sakudziwa za zimenezo. Anadya supuni zingapo za phala n'kusiya.

Lolemba, 14 Ogasiti

M'mawa anachotsa kapaipi. Namwino anati ndipume mozama, n'kukoka. Zinali ngati nyongolotsi yaitali ikutuluka m'mimba. Diripi yachokanso, mankhwala ndizimwa.

Ndikadali kupuma, foni inalira. Azakhali, mawu amodzi: "Afika."

Ndinaimba, sanayankhe. Ndinaimba ku khitchini, sanayankhe. Ndinayenda khonde lonse uku ndi uku mpaka namwino anati ndikumuzunguza mutu. Miyezi yonseyi ndikudikira tsiku limeneli, ndipo landipeza nditavala masilipasi a pepala.

"Khala pansi," anatero a Glenys. "Basi sifulumira chifukwa choti wokwera waimirira."

Azakhali anafika dzuwa likupendeka, asanavule yunifolomu. Anagwera pampando n'kuvula nsapato. A Glenys anatsegula katani yense.

Oyendera anabwera awiri. Wamkulu wawo, Mayi Petrakis, anali ataona kale za makilo atatu m'mafayilo, ndipo nthawi ya nkhomaliro anapita kukaima pafupi ndi tebulo la a Faleafa, Mayi Kerrigan ali pambali pake.

"Ine ndabwera ndi mbale imodzi, monga mwa lamulo," anatero azakhali. "Ndaika. Iwo sanayang'ane n'komwe. Ayang'ana mlendoyo. 'Mayi, kwathu saimirira pamutu pa munthu wamkulu akamadya. Khalani.' Mzunguyo n'kukoka mpando n'kukhaladi. Abwana nawo n'kukhala. Kenako mawu aja, iwe, mawu a pabwalo aja, chipinda chonse zii. 'A Tolotea! Mbale yachiwiri ndi supuni yoyera.'"

"Ndiye munatani?"

"Ndinayang'ana abwana. Abwana akuyang'ana denga. Ndinaganiza za lendi, ndinaganiza za kapaipi m'mphuno. Ndinati Ambuye, ntchito ndi yanu. Ndinakatenga."

Anagawa ndi dzanja lawo limodzilo, pang'onopang'ono, nsomba pakati, mbatata pakati, osagwetsa kanthu. Mbale yachiwiri anaikankhira kwa azakhali. Azakhali anailandira ndi manja awiri, woyendera akuona.

"Mzunguyo sanafunse ine, sanafunse abwana. Wafunsa iwo. 'Bambo, chakudya ichi akukulandani kapena mukupereka?' Iwo akuti, 'Mayi, m'nyumba muno amandisambitsa, amanditembenuza, amandipukuta kukamwa. Chomwe chatsala choti ine ndipatse munthu ndi ichi. Mukachitaya m'bini, mwataya ine.' Mzunguyo akuti, 'Nanga theka lanulo likukwanirani?' Iwo akuti, 'Funso labwino. Auzeni ophika asiye kupima ngati mankhwala.'"

"Azakhali, koma anadya?"

"Anapukuta mbale ndi buledi. N'kuitanitsa beseni."

Ndinalira mpaka bala linakoka. A Glenys anapempha tishu, ati fumbi.

"Nanga inu munadya?" anafunsa a Glenys.

"Pamaso pa boma? Ndinadya, mayi. Koma musandifunse kuti inali nsomba yanji."

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Magazi ali bwino. Mabala auma. Akuti mwina Lachinayi ndipita kwathu, ntchito pakatha masabata atatu. Ndinati awiri. Dokotala Pham anati si msika.

Mayi Kerrigan anabwera masana ndi maluwa achikasu. M'maso muli mofiira. Ndinali nditakonza mawu akuthwa, koma nditawaona anandithawa.

Oyendera amaliza lero. Lipoti lidzabwera pambuyo, koma Mayi Petrakis anawauza pakamwa. Mbale yachiwiri alibe nayo mlandu, bola ikhale yoyera, agawe okha chisanadyedwe, ndipo chawo chikhale chokwanira. Mlandu womwe atipeza nawo ndi wina: munthu anatsika makilo atatu, ndipo palibe paliponse posonyeza kuti wina anakhala naye pansi n'kumufunsa. Atipatsa nthawi yokonza, adzabweranso kudzaona. Azakhali ntchito yawo ili pomwepo.

"Nyumba yomwe ndinkagwira kale anaitseka," anatero Mayi Kerrigan akuyang'ana maluwa awo omwe. "Ndinaona okalamba akukwezedwa m'galimoto ndi matumba apulasitiki. Chiyambireni pamenepo ndikamva za oyendera ndimabisa chilichonse, ngakhale chabwino." Kenako anati, "Masamba ako atatu aja, unditumizire."

Ndinati asawavutikire. M'ndondomekomo mulowe mawu a eni ake, ndipo ndi ochepa. Koma ndinawauzanso kuti ndikabwerera ndikufuna kukhala pansi ndi wokalamba aliyense m'nyumbamo, mmodzimmodzi. Alipo amayi aja a ku Tonga omwe amabisa buledi m'pilo. Alipo bambo a ku Serbia omwe Lachisanu sakhudza nyama, ife n'kumalemba kuti alibe chilakolako.

"Onse? Mwezi umodzi?"

"Masabata awiri."

Anaseka koyamba chiwadziwireni. "Chira kaye, mwana iwe."

Lachitatu, 16 Ogasiti

A Glenys atuluka mawa limodzi nane. Andilembera nambala yawo pachikuto cha kope lino, ati ndikafuna munthu wofunsa mafunso opanda ulemu ndiwaitane.

Dokotala wa kunyumba kuja anawayeza a Faleafa m'mawa. Sikelo sinakwere kwenikweni, masiku awiri ndi ochepa. Koma wati za kapaipi aiwale, awaonenso sabata yamawa.

Ine andilola zofewa, pang'ono.

Nkhomaliro ya chipatala isanafike analowa azakhali, atanyamula kanthu kokutidwa ndi nsalu yoyera. Anaika patebulo langa mwaulemu womwe sanandipatsepo chibadwireni.

"Lero siinali yanga," anatero. "Agawa n'kunena kuti, iyi ya mwana wobooledwa uja."

Ndinavundukula. Mbale yaikulu, koma pakati pake kanthu kochepa: nthochi yophika mu mkaka wa kokonati, yokanyidwa bwino, supuni zitatu basi. Popanda anyezi, popanda nsomba.

"Atiwumira," anatero a Glenys atasuzumira. "Mfumu yonseyo kamenako?"

"Si kuumira," anayankha azakhali. "Asanagawe anaitanitsa namwino wathu. Amufunsa kuti munthu wosokedwa pamimba amadya chiyani, ndipo chochuluka bwanji. Anati sangagawire munthu chinthu asanafunse."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinadya pang'onopang'ono, ine amene sindinachitepo chinthu pang'onopang'ono. Mbaleyo yabwerera yopanda kanthu.